Mmene mungabwezeretsere ma docs akale a CodeIgniter 2 pa intaneti osawaononga

Ndikulemba izi chifukwa cha ntchito ina yomwe ndinapatsidwa, ka system kolembera malipiro a fizi pa sukulu ina, kanalembedwa kalekale ndi munthu yemwe anachoka ndipo nambala yake siyigwiranso. Nditatsegula ma file ndinaona kuti ndi CodeIgniter, framework ya PHP yopangira ma system a pa intaneti, ndiye mtima unakhala pansi kuti izi ndikuzidziwa, ndikupita pa Google kukafufuza za session, koma zonse zomwe zimabwera zinali za CodeIgniter 4, zina za 3, palibe chimodzi chomwe chimafanana ndi zomwe ndimaona mu code. System ija inali ya 2.0.3. Folder ya user_guide yomwe imabwera limodzi ndi framework, momwe mumakhala ma docs kapena kuti buku la malangizo ake, anali ataichotsa, ndipo sikuti analakwa, anthu ambiri amaichotsa asanaike system pa seva. Koma ine masiku awiri anatha ndikuwerenga buku la galimoto ina pomwe ndikukonza galimoto ina.

Nditamaliza ntchito ija ndinaganiza zoti ma docs a version imeneyo ndiwaike penapake, kuti wina akadzalandira system ngati imeneyi asadzavutike ngati mmene ndinavutikira ine. Si ntchito yaikulu, tsiku limodzi mwamaliza, koma muli malo angapo momwe mungaononge zinthu osadziwa. Chomwe ndikufuna mugwire kuyambira pano ndi chakuti mukubwezeretsa, simukulembanso. Mawu a eni ake asiyeni momwe alili ngakhale pomwe mukuona kuti malangizo awo ndi oopsa masiku ano. Zanu zonse, machenjezo ndi ndemanga, muziika pambali poonekera kuti izi ndi zanu.

Kwa omwe sakudziwa mbiri yake, CodeIgniter anaitulutsa Rick Ellis wa kampani ya EllisLab mu 2006, version 2.0 inabwera mu January 2011, ndipo mu 2014 EllisLab inapereka project yonse ku British Columbia Institute of Technology ya ku Canada. Version 3 inatuluka mu March 2015, ndipo 2.2.6, yomaliza ya mndandanda wa 2, inatuluka pa 31 October 2015, tsiku lomwenso anasiya kuisamalira. CodeIgniter 4 ya 2020 inalembedwanso mwatsopano, ndi chifukwa chake ma docs ake sangakuthandizeni chilichonse pa code ya 2011. Kusamuka kwa eni kumeneku ndiye kunapha ma link ambiri, chifukwa panthawi ina user guide imakhala pa ellislab.com, ndiye mukawerenga mayankho akale pa Stack Overflow mupeza ma link oloza kumeneko omwe sakufikitsani pa tsamba lomwe wolembayo amatanthauza.

Yambani ndi kudziwa version yeniyeni

Musaganizire, musakhulupirirenso zomwe akuuzani ku ofesi kuti "ndi CodeIgniter 2 basi". Lowani mu folder ya system ija mulembe:

grep CI_VERSION system/core/CodeIgniter.php

Ikuonetsani mzere wa define womwe uli ndi nambala yonse, mwachitsanzo 2.0.3 kapena 2.1.4. Ngati folder ya core palibe ndipo mukuona system/codeigniter, ndiye kuti muli pa 1.7 kapena kumbuyo kwake, file ya CodeIgniter.php ili mmenemo.

Mwina mukufunsa kuti nanga nambala zazing'onozo zili ndi ntchito yanji. Zili nayo kwambiri. Migration class ndi driver ya PDO zinabwera mu 2.1.0, ndiye munthu wa 2.0.3 akamawerenga ma docs a 2.2.6 ayesa kuloda library yomwe mu system yake mulibe, nkumadabwa kuti error ikuchokera kuti. Mu 2.2.0 anasintha Encrypt class kuti izifuna mcrypt, extension ya PHP yobisira data, mokakamiza, anasinthanso mmene cookie ya session imatsimikiziridwa, kuchoka pa MD5 kupita ku HMAC. Izi si zokongoletsa ayi, ndi zinthu zomwe zimapangitsa anthu kulephera kulowa mu system mmawa wa Lolemba.

Musanapitirire onani kaye ngati eni ake sakusunga kale zomwe mukufunazo. A CodeIgniter anasunga guide ya 2 ndi ya 3 pa tsamba lawo, pa userguide2 ndi userguide3, koma ndi ya version yomaliza ya mndandanda uliwonse. Ngati system yanu ndi 2.2.6 ndipo intaneti yanu ndi yodalirika, musadzivutitse, gwiritsani ya eni akeyo ngati ikadalipo. Ntchito yomwe ndikufotokozayi ndi ya amene muli pa version yapakati, kapena mukufuna kope yoti izigwira bandulo ikatha, kapena framework yanu ndi ina yomwe webusayiti yake inafa kale.

Werengani laisensi musanagwire file ngakhale imodzi

Apa ndikhalapo pang'ono chifukwa anthu ambiri amadumpha, amangoti open source ndiye kuti chilichonse ndi chololedwa. CodeIgniter 3 ili pa laisensi ya MIT, yosavuta, mumangosunga uthenga wa copyright ndi mawu a laisensiyo. Koma CodeIgniter 2 si ya MIT. Ili ndi laisensi yakeyake yomwe analemba a EllisLab, muipeza mu license.txt komanso mu user_guide/license.html. Nkhani yabwino ndi yakuti imatchula ma docs mwachindunji kuti mukhoza kuwakopa, kuwasintha ndi kuwagawa, koma pali zoyenera kutsatira. Kope ya laisensi iyende limodzi ndi zomwe mukugawazo. Uthenga wa copyright usachotsedwe. File iliyonse yomwe mwaisintha ikhale ndi uthenga wonena chomwe chasinthidwa ndi dzina la wosinthayo. Muvomereze poyera kuti zomwe mwapangazo zachokera ku CodeIgniter. Ndipo chinthu chomwe mwapanga kuchokera kwa iwo musachitche CodeIgniter kapena kuika dzinalo mkati mwa dzina lake popanda chilolezo cholembedwa.

Mfundo yachitatu ndi yomalizayo ndi zomwe zikukhudzani inuyo. Mukaika chenjezo pamwamba pa tsamba lililonse ndiye kuti mwasintha file iliyonse, ndiye chenjezolo lomwelo linene kuti mwasintha chani ndipo ndinu ndani, mwamaliza zonse ziwiri pakamodzi. Pa dzina, ine repo yanga ndinangoipatsa dzina wamba loti ma-docs-akale, mkati mwa README ndi momwe ndinalemba kuti ndi user guide ya CodeIgniter 2.0.3. Domain yokhala ndi dzina la framework musagule, zimaoneka ngati ndinu eni ake, ndipo munthu wobwera pa tsambalo ayesa kuti zomwe akuwerengazo ndi zovomerezeka za lero.

Ngati framework yanu ndi ina, yang'anani bwino chifukwa ma project ena laisensi ya code ndi ya ma docs zimakhala ziwiri zosiyana, code ili pa MIT kapena BSD pomwe ma docs ali pa Creative Commons, ndipo nthawi zambiri zimalembedwa pansi penipeni pa tsamba ndi tizilembo tating'ono. Mukapeza ma docs opanda laisensi iliyonse, sikuti ndi aulere, mwini wake akadali ndi ufulu wonse, ndiye mulembereni kaye mupemphe.

Pezani gwero lenileni

Gwero labwino koposa ndi git, osati zomwe mwakopa pa webusayiti. Code yonse ya 2 ndi 3 ili pa GitHub mu repo ya bcit-ci/CodeIgniter.

git clone https://github.com/bcit-ci/CodeIgniter.git
cd CodeIgniter
git tag

Muona mndandanda wa ma version, ena ali ndi v kutsogolo ena alibe, sankhani yanu muchite git checkout ndi dzina la tag momwe lalembedweramo. Ngati bandulo ndi yochepa musakoke mbiri yonse, gwiritsani git clone --depth 1 --branch ndi dzina la tag, imangotenga version imodziyo. Ubwino wa CodeIgniter 2 ndi wakuti folder ya user_guide ndi HTML yokhayokha yomwe anailemba pamanja, mulibe chomanga, muli toc.html, changelog.html, ma folder a general, libraries, helpers, database, installation, images, nav ndi userguide.css. Tsegulani index.html muone nambala ya version pamwamba pa tsamba ngati ikufanana ndi yomwe grep inakupatsani. Lembani penapake commit yomwe mwatengako, git rev-parse HEAD ikupatsani, mudzaifuna mu README.

Nanga ngati ma docs sali mu git? Ngati webusayiti ikadalipo gwiritsani wget:

wget --mirror --convert-links --page-requisites --adjust-extension --no-parent --wait=1 ADIRESI

Ka --no-parent kamaletsa wget kukwera mmwamba nkuyamba kukoka webusayiti yonse mpaka ma forum, ka --wait=1 ndi ulemu basi, seva ya project yakale nthawi zambiri amailipira munthu mmodzi kuchokera mthumba mwake. Ngati webusayiti inafa, otsala ndi Wayback Machine ya Internet Archive, yomwe imasunga makope a masamba akale a pa intaneti. Vuto lake ndi lakuti mukasunga tsamba momwe mukulionera limabwera ndi ka bala kawo pamwamba, ndipo ma link onse amakhala atawalembanso kuti aziloza ku web.archive.org. Njira yake ndi kuika id_ pa nambala ya tsiku mu adiresi, kumapeto kwa manambala aja musanafike pa / yotsatira, ikupatsani file momwe inalili poyamba. Pa masamba ambiri pali tool ya Ruby yotchedwa wayback_machine_downloader, ili ndi --to yomwe mumaika tsiku lomalizira. Musaiwale kuika tsikulo, chifukwa Wayback siyijambula masamba onse tsiku limodzi, tsamba lina analijambula mu 2011 lina mu 2013, ndiye mukhoza kutuluka ndi buku lomwe chaputala chilichonse ndi cha version yake. Mukamaliza chitani grep nambala ya version mu masamba onse muone ngati ikugwirizana paliponse. Ichi ndiye chifukwa chake ndimati git kaye, Wayback pomaliza.

Sungani kope yosagwiridwa

Pangani repo yatsopano, ikani folder ya user_guide momwe ilili pamodzi ndi license.txt, chitani commit yoyamba musanasinthe ngakhale kadontho. Chilichonse chomwe musinthe chikhale commit yakeyake pamwamba pa imeneyi. Mukatero aliyense akhoza kuchita git diff nkuona ndi maso ake kuti inu munakhudza chani ndipo simunakhudze chani. Ma folder muwatche ndi nambala ya version, 2.0.3, 2.1.4, choncho, kuti mukadzafuna kuonjezera ina musadzagwetse ma link a yoyamba.

Ngati ndi CodeIgniter 3 kapena ma docs ofunika kumanga

Amene muli pa 2 gawo ili lidumpheni. Pa 3 anasamukira ku Sphinx, tool yomwe imamanga masamba a HTML kuchokera ku ma file a mawu, ma docs amalembedwa mu reStructuredText mu folder ya user_guide_src, koma mu zip ya release mumabwera user_guide yomangidwa kale, ndiye yang'anani kaye imeneyo. Ngati HTML yomangidwa ilipo tengani imeneyo, ndi yomwe anthu ankaiwerenga panthawiyo, palibe chifukwa chomanganso.

Mukakakamizika kumanga nokha, musayese kugwiritsa Sphinx ya lero pa laputopu yanu, igwa pa ma extension akale. README ya mu user_guide_src imatchula version ya Sphinx ndi ya sphinxcontrib-phpdomain zomwe ankagwiritsa, komanso imati muike lexer yawo yomwe ili mu folder ya cilexer, ndi yomwe imapaka mitundu pa zitsanzo za code. Zonsezi ndi za nthawi ya Python 2, yomwe inasiyidwa pa 1 January 2020, ndiye musaiike pa kompyuta yanu, itsekereni mu Docker:

docker run --rm -it -v "$PWD":/ntchito -w /ntchito python:2.7 bash

Mkati mmenemo chitani pip install ma version enieni omwe README yatchula, lowani mu cilexer muchite python setup.py install, bwererani mu user_guide_src muchite make html, zotuluka muzipeza mu build/html. Ikagwa ndi error yosamveka nthawi zambiri wolakwa ndi docutils, pip yakoka yatsopano kuposa yomwe Sphinx yakaleyo ikuidziwa, ndiye itsitseni version mpaka zitagwirizana. Zikatheka chitani pip freeze musunge zotsatira mu repo, chifukwa patapita miyezi 6 inu nomwe simudzakumbuka kuti zinatheka bwanji. Image ya python:2.7 ndi yolemera, ikokeni muli pa wifi.

Tsegulani muyende tsamba ndi tsamba

Lowani mu folder muchite python3 -m http.server 8000, tsegulani localhost:8000 pa browser, tsegulaninso developer tools pa Network ndi Console muziona zomwe zikufiira. Mu guide ya 2 ma link amkati ndi olozerana okhaokha, ndiye ambiri agwira bwinobwino. Zomwe muyenera kuyang'anitsitsa ndi zitatu.

Choyamba ka Table of Contents kotsika kuchokera pamwamba kaja, kamayendera JavaScript ya mu folder ya nav, dinani muone ngati kakutsika pa masamba a mu ma folder amkati osati pa index pokha. Chachiwiri ndi bokosi la search. Ili silifufuza mu ma file anu ayi, ndi form yomwe imatumiza mawu anu ku Google pamodzi ndi field yobisika yoti as_sitesearch yomwe ili ndi domain yakale. Ndiye munthu ali pa tsamba lanu la 2.0.3, alemba session, nkuponyedwa ku zotsatira za webusayiti ina za version ina, vuto lomwe lija tinkathawa. Ili ndi limodzi mwa malo ochepa omwe ndimati sinthani ndithu. Mukhoza kulichotsa bokosilo, kapena kuika Pagefind, yomwe imawerenga HTML yanu nkupanga index yofufuzira mu browser momwemo popanda seva yapadera ya search. Ine ndinaika Pagefind pa tsamba loyamba lokha, mabokosi akalewo ndinachotsa. Chachitatu ndi chilichonse chomwe tsamba likukoka kunja kudzera pa http, mukaika pa https browser ikana script zoterozo, ndipo ngati muli code ya analytics ya eni akale ichotseni, palibe chifukwa choti alendo anu aziwerengedwa ku account ya munthu wina.

Kenako yendetsani tool yoona ma link, ine ndimagwiritsa lychee, ena LinkChecker, zonse zimagwira. Muona kuti ma link akunja ambiri anafa, a ku forum yakale, a ku wiki. Musawafufute. Muwalozetse ku Wayback, mukalemba web.archive.org/web/2012/ kutsogolo kwa adiresi yakaleyo imakufikitsani pa chithunzi chapafupi ndi chaka chimenecho. Mawu a link asiyeni momwe alili, musinthe kolowera kokha, ndipo chikhale commit yakeyake. Samalaninso ndi zilembo zazikulu ndi zazing'ono mu mayina a ma file, pa Windows Logo.gif ndi logo.gif ndi chinthu chimodzi koma pa seva ya Linux ndi ziwiri, ndiye chithunzi chomwe chikuoneka kwanu chikhoza kusowa mukaika pa intaneti.

Chenjezo pamwamba pa tsamba lililonse

Apa ndiye pali mtima wa ntchito yonse. Anthu safika pa ma docs kudzera pa khomo, amagwera pakati kuchokera ku Google kapena ku link yomwe mnzawo waponya pa WhatsApp, ndiye chenjezo la pa tsamba loyamba lokha silithandiza. Liyenera kukhala paliponse, lalifupi, la mtundu woonekera. Linene kuti iyi ndi kope yosungidwa ya user guide ya version yakuti, kuti mndandanda wa 2 anasiya kuusamalira mu October 2015 ndipo sulandiranso zokonza za chitetezo, kuti tsambali si la eni ake a framework, kuti mwasintha chani ndipo ndinu ndani, ndi link ya ku ma docs atsopano. Mulilembe mu Chingerezi poti ma docs ndi a Chingerezi, mukafuna onjezerani mzere wa Chichewa pansi pake.

Kuti chenjezolo lilowe mu masamba onse pakamodzi lembani:

find 2.0.3 -name "*.html" -exec sed -i 's|<body>|<body><div class="chenjezo">MAWU ANU</div>|' {} +

Pa Mac sed imafuna -i '' m'malo mwa -i yokha. Mukamaliza werengani ma file omwe ali ndi mawu oti chenjezo pogwiritsa grep -rl, muyerekeze ndi kuchuluka kwa ma file a html onse, manambala akasiyana ndiye kuti pali masamba omwe tag ya body inalembedwa mwina. CSS ya chenjezo muike mu file yanuyanu kapena kumapeto kwa userguide.css ndi ndemanga yonena kuti kuyambira apa ndi zoonjezera.

Tsopano chiyeso chimabwera mukayamba kuwerenga masamba. Mufika pa tsamba la database configuration muona chitsanzo chili ndi dbdriver ya mysql, inu mukudziwa kuti ma function a mysql_ anachotsedwa mu PHP 7.0, dzanja lifuna kusintha kuti likhale mysqli. Mufika pa Encrypt class muona mcrypt, yomwe PHP inaichotsa mu 7.2. Muona Active Record mufuna kulemba Query Builder poti ndi mmene anaitchulira kuyambira pa 3. Musatero chonde. Munthu yemwe akubwera pa tsamba limeneli ali ndi code yolembedwa motsatira mawu amenewo, akufuna kumvetsa zomwe wolemba system yake ankawerenga tsiku lomwe ankalemba. Mukakonza mawuwo mwamubisira chifukwa chomwe code yake ikuonekera choncho, ndipo choopsa kwambiri ndi chakuti sadziwanso kuti mwa zomwe akuwerengazo ziti ndi za eni ake ziti ndi maganizo anu. Mwakonza pamodzi, ndiye kuti buku lonse lakayikitsa.

Chomwe mungachite ndi kuika kabokosi kanu, ka mtundu womwewo wa chenjezo lija, pamwamba pa masamba ochepa oopsawo, kolembedwa kuti ndemanga ya wosunga, ndi chaka. Ine ndinaika pa masamba anayi okha, database configuration, Encrypt, Session ndi Security. Pa Session ndinalemba kuti mu 2 zonse za session zimasungidwa mu cookie pokhapokha mutayatsa sess_use_database, ndipo library yonseyi inalembedwanso mu 3. Ziganizo ziwiri zitatu basi, pansi pake mawu a eni ake ali momwe analili. Ngakhale typo yomwe mwaipeza isiyeni, mukayamba ndi typo mumathera polemba ndime.

Chimodzimodzi ngati mukufuna kumasulira masamba ena mu Chichewa kuti athandize achinyamata omwe akuphunzira, ndi ganizo labwino ndipo laisensi ikulola, koma zomasulirazo zikhale mu folder ina, zolembedwa kuti ndi zomasulira, ndi link yobwerera ku tsamba loyambirira.

Kuika pa intaneti

Poti ndi HTML yokhayokha musalipire hosting. GitHub Pages ikukwanira, pitani ku Settings za repo, Pages, sankhani branch, dikirani mphindi zochepa. Malire ake ndi 1 GB pa site imodzi pomwe guide ya 2 ndi ma MB ochepa chabe, mukhoza kuika ma version onse osafikako. Ikani file yopanda kanthu yotchedwa .nojekyll pa muzu wa repo. Popanda iyoyo GitHub imadutsitsa ma file anu mu Jekyll, pulogalamu yomangira mawebusayiti, yomwe imasiya ma folder oyamba ndi underscore, ndipo Sphinx imaika CSS ndi JavaScript yake mu _static, ndiye ma docs a 3 atuluka mawu okhaokha opanda maonekedwe. Pa 2 vutoli palibe koma ikani basi.

Pa muzu pangani index.html yosavuta yokhala ndi mndandanda wa ma version omwe muli nawo. README inene gwero, tag, commit ija munalemba, tsiku lomwe munatenga, ndi zonse zomwe munasintha.

Funso lomwe muyenera kuyankha nokha ndi lakuti Google iziwaona masambawa kapena ayi. Maganizo anga ndi awa. Ngati version yomwe mwaika ndi yomweyo yomwe eni ake akusunga, ikani meta robots ya noindex, yomwe imauza Google kuti isamaonetse tsambalo, kapena link ya canonical yoloza kwa iwo, musapikisane nawo. Ngati ndi version yomwe kwina kulikonse kulibe, lolani ipezeke, chifukwa ntchito yonseyi mwaichita kuti munthu wosowa aipeze, koma onjezerani nambala ya version ndi mawu oti archived mu title ya tsamba lililonse kuti ziwoneke pa zotsatira za Google munthu asanadine. Ophunzira atsopano ndi omwe ndimawadera nkhawa, asagwere pa guide ya 2011 nkuyamba project yatsopano ndi zinthu zakufa.

Kope ya mthumba, ndi kuisungitsa kwina

Pangani zip ya folder ya version iliyonse muike pa Releases za repo. Guide ya 2 imatseguka mwachindunji kuchokera pa disk, mungodina index.html, ngakhale magetsi atazima ndi router yomwe, bola laputopu ili ndi moto. Search ya Pagefind yokha ndi yomwe imafuna seva, ndiye pamenepo gwiritsani ka python3 -m http.server kaja. Zip imeneyi ndi yomwe ndimasiya kwa makasitomala, mu folder ina pambali pa backup ya code, osati mu public_html. Pa seva ya system yeniyeniyo ma docs musaike, tsamba lililonse lili ndi nambala ya version pamwamba, ndiye mukhala mukuuza aliyense wodutsa kuti pano pali framework yosakonzedwa kuyambira 2015.

Chomaliza, inunso mukhoza kudzatseka account kapena kuiwala password, monga zinachitikira ndi masamba omwe mukuwapulumutsawa. Tengani adiresi ya repo muipereke ku Software Heritage kudzera pa Save code now, iwo amasunga mbiri yonse ya git. Masamba enieniwo muwadutsitse pa Save Page Now ya Wayback Machine, mukalowa ndi account pali poti musunge ndi ma link otuluka pa tsambalo, ndiye yambani ndi toc.html poti ndi yomwe imaloza masamba onse. Kenako onjezerani munthu wachiwiri yemwe mumamukhulupirira ngati collaborator pa repo, mumutumizirenso zip ija asunge pa hard drive yake.